Injini ya mu 1856 ikadatungabe madzi ku Mangalande

Alimi anzanga, sabata ino ndikupemphani kuti tisiye kaye za feteleza ndi mitengo ya mbewu pa msika, tiyendeko ulendo wautali pang'ono. Ndikufuna ndikuuzeni za injini ina yoyendera nthunzi imene ndidaiona ku Mangalande. Idayamba ntchito m'chaka cha 1856, nthawi ya Mfumukazi Victoria. Kuti mumvetse ukale wake, kumbukirani kuti David Livingstone adafika pa nyanja yathu mu 1859. Ndiye kuti pamene mkulu uja ankaiona nyanjayo koyamba, injiniyi nkuti itatha kale zaka zitatu ikuchotsa madzi m'minda ya anthu. Mpaka lero ikadali pamalo pomwe adaimangapo, ndipo masiku ena pachaka amaiyatsa nkumazungulira.

Wina afunsa kuti zitsulo zakale za Azungu zikumukhudza bwanji mlimi amene akudandaula za mbewu ya chaka chino. Inenso ndidapitako ndi funso lomwelo. Ndidali ku maphunziro a miyezi yowerengeka a za nthaka ndi madzi, ndipo tsiku lina Lamulungu mnzanga wa m'kalasi adandikoka kuti tikaone injiniyo. Ndidavomera chabe poti ndidalibe chochita. Koma ndidabwerako nditadzaza masamba anayi a kope langa, ndipo zambiri mwa zimene ndidalembazo zidali za nthaka osati za zitsulo.

Dziko limene vuto ndi kuchuluka kwa madzi

Kum'mawa kwa Mangalande kuli chigwa chotchedwa Fens. Nchathyathyathya ngati bwalo la mpira, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupi-fupi 3,900, kuposa boma lonse la Zomba. Lero ndi nkhokwe ya dzikolo: mbatata ya kachewere, anyezi, kaloti, tirigu, ndipo pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndiwo zamasamba zolimidwa ku Mangalande zimachokera kumeneko. Koma kale lidali dambo lokha-lokha, la bango, mikunga, nsomba ndi abakha a m'madzi, monga mmene aliri madambo a ku Chilwa mvula ikagwa bwino.

Pakati pa zaka za m'ma 1630 ndi 1650 anthu achuma adalemba ntchito katswiri wa ku Holland, Cornelius Vermuyden, kuti aumitse mbali yaikulu ya dambolo. Adakumbitsa ngalande ziwiri zowongoka, Old Bedford River ndi New Bedford River, iliyonse yotalika makilomita oposa 30, kuti madzi azithamangira ku nyanja. Sikuti onse adakondwera nazo ayi. Eni dera, amene ankadalira kuwedza, kudula bango ndi kudyetsa ziweto m'dambomo, adaona malo awo akuperekedwa kwa amene adaika ndalama pa ntchitoyo, ndipo ena ankagumula ngalandezo. Amene mudaonapo dambo la mudzi likusanduka munda wa munthu mmodzi mukudziwa mmene mitima imawawira.

Poyamba zinthu zidayenda. Koma patapita zaka zowerengeka madzi adayamba kukana kutuluka okha, chifukwa minda idatsika kuposa mitsinje imene inkayenera kulandira madziwo. Adamanga makina oyendera mphepo mazana-mazana kuti azikweza madzi kuchoka m'ngalande za m'minda nkuwathira mumtsinje. Koma mphepo ilibe bwana. Mvula itha kugwa sabata yathunthu mphepo ili zii, mbewu nkumaolera m'madzi. Ndicho chifukwa chake kuyambira m'ma 1820 adayamba kuika injini za nthunzi, zimene zimadzuka nthawi iliyonse malinga ngati malasha alipo.

Tsiku limene ndidafika pa Dogdyke

Injini imene ndikunenayi ili pamalo otchedwa Dogdyke, pafupi ndi mudzi wa Tattershall m'chigawo cha Lincolnshire, m'mbali mwa mtsinje wa Witham. Kuti mufikepo mumasiya msewu wa tala nkudutsa kanjira ka m'minda. Nyumba yake ndi ya njerwa, yosadzionetsera, yoti mukadaiona pa tauni yathu ino mukadati ndi chigayo. Chumuni chake chachitali adachigwetsa kale. Pambali pali kanyumba kamene ankakhalamo woyendetsa injiniyo.

Chimene chidandigwira mtima choyamba chidali kunja. Ndidakwera pa mtumbira wautali umene umatchinga mtsinje, ndipo ndidaona ndi maso anga kuti madzi a mumtsinje ali pamwamba, minda ili pansi. Kwathu kuno mlimi amatsikira ku mtsinje ndi ndowa. Kumeneko amachita kukwera. Dontho lili lonse la mvula logwera m'mindamo liribe kolowera pokha-pokha wina atalinyamula.

M'katimo mudali fungo la oyilo wotentha ndi nthunzi. Injiniyi idapangidwa ndi kampani ya Bradley and Craven ya ku Wakefield, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Mudaonapo chivindikiro cha poto chikudumpha-dumpha madzi akawira: mphamvu yake ndi yomweyo. Madzi amawiritsidwa m'boyila, nthunzi imalowa mu silinda yoimirira nkukankha pisitoni. Pisitoniyo adailumikiza ku nsonga ya mtanda wolemera wachitsulo umene uli pamwamba, wokhazikika pakati, umene umapendekera uku ndi uku ngati mkono wa mjigo. Nsonga inayo ya mtandawo ndiyo imazungulitsa gudumu lolemera, longa lija la pa injini ya chigayo koma lalitali kuposa anthu awiri atasanjikizana.

Palinso nzeru ina. Nthunzi ikamaliza kukankha saitaya, koma amaipititsa m'chipinda china mmene amaiwaza madzi ozizira. Nthawi yomweyo imabwerera kukhala madzi ochepa chabe, ndipo mpata umene yasiya umakoka pisitoni. Yesani kunyumba: tsukani botolo la pulasitiki ndi madzi otentha, khuthulani, tsekani msanga, ndipo muliviike m'madzi ozizira. Mudzaona likufinyika lokha. Motero injiniyi imakankhidwa mbali ina uku ikukokedwa mbali inayo, ndipo siifuna nthunzi yamphamvu kwambiri. Mwa muyeso wa masiku amenewo mphamvu yake ndi ya mahatchi 16 basi, yosasiyana kweni-kweni ndi ya zigayo zathu zambiri. Ndinkayembekeza chiphokoso, koma ayi ndithu. Imangopuma ngati ng'ombe yogona, ndipo anthu ankacheza pafupi nayo osakweza mau.

Kuseri kwa khoma ndiye kuli mwini ntchito, gudumu lotungira madzi, lotalika mamita 7 ndi pang'ono, lokhala ndi matabwa 36 ozungulira ngati nkhafi. Silinyamula madzi m'ndowa ayi. Limazungulira m'kangalande ka njerwa kopapatiza, kongokwanira matabwawo, ndipo thabwa lili lonse limakankha madzi amene ali patsogolo pake kukwera chitunda mpaka atatulukira pa chitseko cha kumtunda. Gudumu likaima, madzi a mbali ya mtsinje amakankha chitsekocho nkuchitseka okha kuti asabwerere m'minda. Limayenda pang'ono-pang'ono moti munthu utha kuwerenga matabwawo, komabe limatha kukweza matani 25 a madzi pa mphindi imodzi. Amenewo ndi malita 25,000, kapena tinene zigubu 1,250 za malita 20.

Ndili pomwepo ndidatulutsa cholembera. Dera limene injiniyi inkasamala lidali la mahekitala pafupi-fupi 1,000. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi matani 10 a madzi. Tsono mvula ya mamilimita 25, imene kuno imagwa masana amodzi a mwezi wa Januwale, pa dera lonselo ndi matani 250,000. Injiniyi ikayenda usana ndi usiku osaima imachotsa matani 36,000. Gawani nokha: ndi masiku asanu ndi awiri. Zoona, si madzi onse amene amafika m'ngalande, koma nthaka ikakhuta ambiri amafikamo. Apa mpamene ndidamvetsa chifukwa chake kanyumba ka woyendetsa injini kadamangidwa pakhomo peni-peni. Mvula ikalimbikira munthuyo sankagona: kuponya malasha, kuchotsa phulusa, kuthira oyilo, kuvuula udzu wotseka njira ya madzi.

Ndipo malipiro ake, pamodzi ndi malasha, sizinkachokera kwa anthu akufuna kwabwino. Eni minda ya m'deralo ankapereka msonkho wa ngalande molingana ndi malo awo. Dongosolo limeneli lilipobe: ku Fens kuli mabungwe oyang'anira ngalande amene amatolera ndalama kwa alimi chaka ndi chaka, mvula ichuluke kapena ichepe.

Mmene idapulumukira kwa ogula zitsulo

Injiniyi idagwira ntchito zaka 84. Mu 1940 adamanga nyumba ina pambali pake nkuikamo injini ya dizilo ya Ruston and Hornsby, yopangidwa ku Lincoln komweko, yoyendetsa pampu ya mtundu umene timaudziwa masiku ano. Dizilo safuna kumudzukira usiku kukoleza moto maola angapo madzi asadayambe kutuluka. Pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ntchito idapita ku mapampu a magetsi. Injini ya dizilo ija nayonso adaisunga, ndipo ataiyatsa tsikulo kaphokoso kake kadandikumbutsa chigayo cha Lister cha kwathu kumudzi.

Injini zambiri za nthunzi za ku Fens zidathera kwa ogula zitsulo zakutha. Ya pa Dogdyke idangotsekeredwa m'nyumba mwake zaka zoposa 30, ikudyedwa ndi dzimbiri. M'zaka za m'ma 1970 anthu a m'deralo adakhazikitsa bungwe loti aisamale, Dogdyke Pumping Station Preservation Trust, ndipo mu 1977 idazunguliranso ndi nthunzi. Lero malowa ali pa mndandanda wa zinthu zakale zotetezedwa ndi lamulo.

Koma lamulo silithira girizi. Amene ndidawapeza akugwira ntchito tsikulo adali anthu ongodzipereka, osalandira kanthu, ambiri mwa iwo a imvi. Bambo wina wachikulire ankayenda mozungulira injiniyo ndi kachitini ka oyilo ka mlomo wautali, kudontheza apa, kukhudza apo ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati pakutentha. Ndidamutsatira ndi maso kwa theka la ola ndipo sadaphonye malo ndi amodzi omwe.

Ntchito yosunga chinthu chotere njosatha. Matabwa a gudumu amakhala theka m'madzi theka pa mphepo, motero amaola ndipo amafuna kusinthidwa. Chitsulo chikangokhala chosapakidwa mafuta nyengo imodzi yachisanu, dzimbiri lalowa. Boyila ndiye nkhani ina: nthunzi yotsekeredwa itha kupha anthu, choncho boyila aliyense amayenera kuyesedwa ndi katswiri nthawi ndi nthawi asadaloledwe kuyatsidwa pamaso pa alendo, ndipo amene amapereka nthunzi lero si uja wa mu 1856. Sipeya sagulidwa m'sitolo. Kanthu kakathyoka amayeza kakaleko nkusula kena. Nawo malasha, amene malo ambiri osunga injini zakale amadalira, adayamba kuvuta mgodi wa Ffos-y-fran ku Wales utatsekedwa mu 2023. Ndalama zake zimachokera ku zopereka za alendo ndi za mamembala, ndiponso ku tiyi ndi makeke amene amagulitsa m'kanyumba ka woyendetsa injini kaja. Ndidagula kawiri, osati chifukwa cha njala.

Ndisabise, mumtima ndidali ndi kakaiko. Bwanji osangoinyamula nkukaiika m'nyumba yosungira zinthu zakale mu mzinda, youma bwino, kumene anthu ambiri angakaione? Bwanji kuvutika nayo pakati pa minda, kumapeto kwa kanjira ka matope? Yankho ndidalipeza masabata otsatira, nditapita malo ena awiri kumwera kwa chigwacho.

Gudumu limene linkakula, nthaka ikutsika

Malo oyamba ndi Stretham, pafupi ndi mzinda wa Ely. Pamenepo pali injini yaikulu kuposa ya pa Dogdyke, yopangidwa ndi kampani ya Butterley mu 1831, Victoria asadalowe ufumu. Idalowa m'malo mwa makina anayi a mphepo. Dizilo adafikapo mu 1925, nthunzi idagwira ntchito komaliza mu 1941, ndipo bungwe loisamala lidayamba mu 1959. Iyoyo sayatsanso moto, amangoizungulitsa ndi magetsi kuti alendo aone.

Nkhani ili pa gudumu lake. Loyamba lidali la mamita pafupi-fupi 9. Cha m'ma 1850 adaika la mamita 10. Mu 1896 adaikanso lina la mamita 11 ndi pang'ono. Sikuti mvula inkachuluka ayi. Gudumu lotere limafuna kuti matabwa ake amire bwino m'madzi a ngalande, ndipo limangokweza madzi gawo lochepa la msinkhu wake. Tsono minda inkatsika, ngalande nkumatsika nayo, mpaka matabwa ankangonyambita pamwamba pa madzi. Nthawi iliyonse alimi ankasonkha ndalama za gudumu lalikulu, ndipo gudumu lalikululo linkaumitsa nthaka mozama kuposa kale, nthakayo nkutsikanso. Mukachotsa injiniyo pamalopo nkukaiika mu mzinda, mwatenga chitsulo koma umboni mwausiya. Umboniwo uli pa kusiyana kwa msinkhu wa nyumba, wa mtsinje ndi wa munda.

Malo achiwiri ndi Holme, kumwera kwa mzinda wa Peterborough. Pafupi ndi pamenepo padali nyanja yosazama yotchedwa Whittlesey Mere. Mu 1851 mwini malo wina, William Wells, pamodzi ndi anzake, adaiumitsa ndi pampu yatsopano ya Appold, yoyendera nthunzi, mtundu umene udaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku London chaka chomwecho. Madzi ataphwa anthu adabwera ndi ngolo kudzatola nsomba m'matope, monga zimachitikira ku Chilwa nyanja ikauma.

Wells ankadziwa kuti nthaka itsika, ndipo adafuna kudziwa kuti itsika bwanji. Adakhomera mzati wachitsulo pansi, wokhazikika pa mitengo yofika pa dongo lolimba, mpaka mutu wake udalingana ndi nthaka. Munthu akadatha kuuponda osauona. Ine nditaima pansi pake ndidachita kupenya kumwamba. Mzatiwo lero waonekera mamita pafupi-fupi 4, ndipo adachita kuumangirira ndi zitsulo kuti usagwe. Palibe adaukoka. Ndi nthaka imene idachoka, ndipo dera limenelo tsopano ndilo lotsika kwambiri m'dziko lonse la Britain, mamita oposa awiri ndi theka kunsi kwa msinkhu wa nyanja yamchere.

Nanga nthaka idapita kuti? Nthaka yakuda ya kumeneko, imene eni ake amaitcha peat, ndi bango, udzu ndi mitengo zimene zidafa kwa zaka zikwi-zikwi koma osaola kweni-kweni chifukwa zidali zomira m'madzi mopanda mpweya. Mukachotsa madzi, poyamba imafota ngati chinkhupule chouma, ndipo nchifukwa chake zaka zoyambirira idatsika mofulumira zedi. Kenaka mpweya umalowa, tizirombo tosaoneka ndi maso timayamba kuidya monga timadyera mulu wa kompositi, ndipo imathera m'mlengalenga ngati mpweya. Yotsalayo ikauma imapepuka, moti mphepo ya nthawi yodzala imaiulutsa pamodzi ndi mbewu zomwe. Zaka zoyamba zokolola zimakhala zodabwitsa, poti kuolako kumatulutsa chakudya cha mbewu. Koma kumeneko nkudya mbewu yosungira. M'madera ambiri a Fens nthaka yakuda ija idatha, ndipo mapulawo akutembenuza dongo limene lidali pansi pake.

Kuyambira mu 2001 pali ntchito yotchedwa Great Fen, yofuna kubwezeretsa madzi pa mahekitala 3,700 ozungulira Holme, malo omwewo amene pampu ya Wells idaumitsa. Mkangano ulipo ndithu, chifukwa dziko likufunabe anyezi ndi mbatata zake, ndipo mlimi amene makolo ake adalipira msonkho wa ngalande zaka zonsezi samva msanga akauzidwa kuti munda wake ubwerere ku bango. Ine sindingamuweruze. Koma mbali zonse ziwiri zikamakangana zili ndi poyambira, chifukwa mzati ulipo, gudumu lilipo, ndipo palibe angatsutse kuti nthaka idatsika.

Zimene ndidabwera nazo kumudzi

Ndisakunamizeni kuti madambo athu ali ngati Fens. Ambiri ndi a dongo ndi mchenga, ndipo nthaka yakuda ili pamwamba pokha, motero simudzaona dimba likutsika mamita 4. Koma kagawo kakuda kameneko kamatha mwa njira yomweyo tikaumitsa dambo mopitirira muyeso nkumatentha zinyalala chaka ndi chaka. Ndipo ife tili ndi vuto lina. Kangalande kamene mlimi amakumba pakati pa dambo kuti adzale chimanga msanga, mvula ya zaka zingapo imakasandutsa chigwembe, ndipo chigwembecho chimakoka madzi a pansi a dambo lonse. Zitsime za m'madimba zimene kale zinkafika Novembala zimayamba kuphwa mu Seputembala. Mukafunsa kuti zidayamba liti, wina ati chaka cha njala, wina ati mfumu yakale ikadali moyo. Palibe adalemba, palibe adakhoma chizindikiro.

Za chitini cha oyilo chija, zidandichititsa manyazi ine mwini. Zaka zingapo zapitazo ndidalembedwa ganyu yolangiza alimi pa sikimu ina ya mthirira, imene sinditchula dzina. Padali pampu ya dizilo yatsopano, yamphamvu kuposa ya pa Dogdyke. Ndidalemba lipoti lalitali la mtundu wa mbewu, kutalikirana kwa mapando ndi nthawi yothira feteleza. Za amene azisunga girizi, za amene azisintha oyilo, za ndalama zingati pa munda uliwonse zoti zizisungidwa kudikira tsiku loipa, sindidalembepo ngakhale mzere umodzi. Ndinkati imeneyo ndi ntchito ya amakaniko. Chaka chachitatu beringi imodzi idatha, yamtengo wosafika matumba awiri a chimanga. Komiti idalibe ndalama m'thumba, ndipo idalemba kalata kwa amene adapereka pampuyo, koma pulojekiti nkuti itatha. Podikira yankho batire idasowa, kenaka mapaipi. Nditadutsako komaliza ndidapeza simenti yokha ndi mabauti anayi atatulukira m'mwamba. Injiniyo akuti idapita pa sikelo ya ogula zitsulo, pa mtengo wa pa kilogalamu.

Sindikunena kuti tizisunga chitsulo chili chonse chakutha. Pa Dogdyke pomwe minda lero ikuumitsidwa ndi magetsi, osati ndi nthunzi, ndipo palibe mlimi wa kumeneko amene angafune kubwerera ku malasha. Koma amene muli m'makomiti a madzi, pa msonkhano wotsatira funsani mafunso awiri: kope lolembamo maola amene pampu yayenda ndi tsiku losintha oyilo lili ndi yani, ndipo m'thumba la sipeya muli zingati lero. Ngati pa sikimu panu pali nyumba ya pampu yakale imene idasiya ntchito, musathamangire kugumula kuti mutenge njerwa. Yambani mwayeza pamene paipi yake inkamwera madzi, muyerekeze ndi pamene madzi akulekezera tsopano mwezi wa Okutobala.

Ine nditabwerako ndidapita ku dimba la mayi anga ndi paipi yachitsulo yakale ya mamita awiri. Ndidaikhoma m'mphepete mwa dimba mpaka idakana kulowa, ndipo pamene yalekezera nthaka ndidacheka chizindikiro ndi sowo nkupakapo penti. Ndidagulanso kope la masamba 40. Chaka chili chonse pa 15 Okutobala timayeza zinthu ziwiri: kuchokera pa chizindikiro kufika pa nthaka, ndi kuchokera pakamwa pa chitsime cha m'dimba kufika pa madzi. Aliyense atha kuchita zimenezi, bola paipiyo ifike pa nthaka yolimba ndipo tsiku loyeza lisamasinthe.

Mayi adandiyang'ana nthawi yonse imene ndinkakhoma, osanena kanthu, kenaka adafunsa ngati zimenezi ndizo ndidakaphunzira ku Mangalande. Kopelo akusunga ndi iwo, m'chikwama cha mapepala a ku tchalitchi. Nditapitako mwezi watha ndidapeza mwana wa achimwene atamangirirapo mbuzi pa paipipo, moti ndachita kuikhomera zikhomo zina ziwiri m'mbali kuti isagwedezeke.